Kulimbitsa Thupi: Msinkhu Uliwonse Uli ndi Muyeso Wake

Anthu ambiri m'boma lino amaganiza kuti masewera olimbitsa thupi ndi a anthu a m'tauni kapena achinyamata omenya mpira. Maganizowa anali omveka kale, pamene pafupifupi aliyense ankayenda wapansi, kusinja pamtondo ndi kulima. Masiku ano chigayo chalowa m'malo mwa mtondo, kabaza wa njinga yamoto akufika pakhomo, ndipo ogulitsa m'magolosale, matelala ndi ogwira ntchito m'maofesi amakhala pansi tsiku lonse. Ngakhale mlimi amene amakhetsa thukuta nyengo ya dzinja akhoza kutha chilimwe chonse ali pabawo.

Kusinthaku kuli ndi mtengo wake. Kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo unachita mu 2009 mothandizidwa ndi bungwe la World Health Organization anapeza kuti mwa Amalawi a zaka 25 mpaka 64, mmodzi mwa atatu alionse anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. Anthu oposa 5 mwa 100 alionse anali ndi matenda a shuga. Mchere wambiri, fodya ndi mowa zili m'gulu la zoyambitsa matenda otere, koma kukhala chikhalire nakonso kumathandizira. Minofu ikamagwira ntchito imagwiritsa ntchito shuga wa m'magazi, mtima umalimba, ndipo magazi amayenda bwino m'mitsempha. Malangizo a bungweli a mu 2019 ndi 2020 akufotokoza muyeso woyenera msinkhu uliwonse.

Makanda ndi ana osakwana zaka zisanu

Khanda limene silinayambe kukwawa liyenera kugonekedwa chafufumimba kwa mphindi zosachepera 30 patsiku, pang'onopang'ono, lili maso ndipo wamkulu akuliyang'anira. Izi zimalimbitsa khosi, msana ndi manja. Kubereka mwana kumbuyo n'kwabwino, koma amafunikanso nthawi yokhala pamphasa kuti adzitambasule. Ana a chaka chimodzi mpaka zaka zinayi amafunika mphindi 180 patsiku zoyenda, kuthamanga ndi kusewera. Kumupatsa foni mwana wa msinkhu umenewu kuti akhale chete kumamulanda nthawi imeneyi.

Ana a zaka 5 mpaka 17

Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Mafupa a munthu amakhwima kwambiri pa msinkhu uwu, ndipo kudumpha ndi kuthamanga kumawalimbitsa. Muyeso wake ndi mphindi 60 patsiku za masewera ochititsa wefuwefu. Fulaye, jingo, chipako, mpira wa miyendo ndi wa manja zimakwaniritsa muyesowu popanda ndalama. Ana osewera mokwanira amagona bwino ndipo amatsata bwino maphunziro m'kalasi. Makolo asamale kuti atsikana, amene nthawi zambiri amapanikizika ndi ntchito zapakhomo, nawonso apeze mpata wosewera. Kusenzetsa mwana katundu wolemera kuposa msinkhu wake si kumulimbitsa thupi, kumamuvulaza.

Akuluakulu a zaka 18 mpaka 64

Munthu wamkulu amafunika mphindi 150 mpaka 300 pasabata za ntchito kapena masewera a mphamvu yapakatikati, monga kuyenda ndawala, kupalasa njinga, kulima kapena kuvina. Mphindi 30 patsiku kwa masiku asanu zimakwana. Chizindikiro chake n'chosavuta: munthu akhale akutha kulankhula koma akulephera kuimba bwinobwino chifukwa cha phuma. Wokonda masewera amphamvu monga kuthamanga angathe kuchita mphindi 75 mpaka 150. Masiku awiri pasabata akhale a zolimbitsa minofu, monga kunyamula zolemera moyenera. Magule ngati chimtali, mganda ndi beni amawerengedwanso, ndipo amachepetsa nkhawa chifukwa amasonkhanitsa anthu.

Amayi oyembekezera amene alibe vuto lililonse akulimbikitsidwa kuchita mphindi 150 pasabata, makamaka kuyenda. Izi zimachepetsa chiopsezo cha shuga ndi kuthamanga kwa magazi pa nthawi ya pakati. Komabe afunse kaye anamwino kusikelo, ndipo abambo awalandire ntchito zolemetsa.

Okalamba a zaka 65 kupita m'tsogolo

Pamene munthu akukalamba minofu imachepa ndipo mafupa amafooka. Kugwa kamodzi kokha kungathe kuthyola fupa la m'chiuno, gogo n'kukhala chigonere, banja lonse n'kusiya ntchito kuti limudwazike. N'chifukwa chake okalamba, kuwonjezera pa mphindi 150 zija, ayenera kuchita zothandiza kuima molimba masiku atatu pasabata. Angathe kudzuka ndi kukhala pampando kangapo osagwirira, kapena kuima ndi mwendo umodzi atatsamira khoma. Ana amene amaletsa makolo awo okalamba ngakhale kusesa pabwalo amatero mwachikondi, koma amafulumizitsa kufooka kwawo.

Chenjezo

Amene wakhala nthawi yaitali osachita masewera ayambe ndi mphindi zochepa, n'kumawonjezera sabata iliyonse, pakuti zochepa zimaposa kusachita konse. Womva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena kubanika aleke pomwepo ndipo apite kuchipatala. Odwala shuga ndi kuthamanga kwa magazi asasiye mankhwala chifukwa choti ayamba masewera. Anthu olumala nawonso amapindula pochita zimene thupi lawo lingathe.

Udindo wa madera

Munthu amene wafa ziwalo chifukwa cha kuthamanga kwa magazi sapitanso kumunda, ndipo ndalama za feteleza ndi fizi zimathera ku maulendo a kuchipatala. Choncho nkhaniyi ndi ya chitukuko. Mafumu ndi makomiti a VDC ndi ADC ateteze mabwalo a masewera kuti asagawidwe kukhala mapuloti kapena minda. Makomiti a sukulu aonetsetse kuti nthawi ya masewera sikulandidwa ndi maphunziro ena. Magulu a banki m'khonde ndi a m'mipingo angathe kuyamba misonkhano yawo ndi gule kapena kuyenda limodzi, ndipo alangizi a zaumoyo a m'dera lililonse angathandize magulu otere kusankha zoyenera msinkhu wa mamembala awo.