Malangizo: Tikonzeke Mvula Isanafike

Sitinaiwale Marichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula phiri, matope n'kukokolola mudzi wa Ntauchira ku Chiradzulu. Dzinja layandikiranso, tiyeni tikonzeke.

Choyamba, lambulani ngalande zozungulira nyumba, mulimbitsenso denga.

Chachiwiri, ikani chiphaso cha unzika, mabuku akuchipatala, mankhwala, tochi ndi machesi m'jumbo, pamalo osavuta kupeza usiku. Sunganinso ufa ndi mankhwala othira m'madzi akumwa.

Chachitatu, gwirizanani pabanja kothawira, kaya kusukulu kapena kutchalitchi, kutali ndi phiri ndi mtsinje. Mudziwiretu wodzanyamula agogo ndi ana.

Mvula ikagwa masiku angapo osakata, mukaona ming'alu pansi kapena kumva kulindima kuphiri, musadikire kuti kuche, samukani. Machenjezo a azanyengo muziwamvera pawailesi. Katundu mudzapeza wina, koma moyo sagula.