Kufinyira mkaka mwana wobadwa masiku asanakwane

Mwana wobadwa mimba isanafike masabata 34 nthawi zambiri amalephera kuyamwa, kumeza ndi kupuma nthawi imodzi. Komabe mkaka wa mayi ake ndi umene umamuteteza ku matenda oopsa a m'matumbo. Choncho mayi amafinya mkaka, ndipo mwanayo amamwetsedwa ndi kakapu kapena kudzera m'kachubu ka m'mphuno. Bere limapanga mkaka molingana ndi umene watuluka: ukamachotsedwa pafupipafupi thupi limapanga wina, ukakhalitsa limachepetsa. N'chifukwa chake kufinya kawirikawiri n'kofunika kuposa chida chofinyira. Mayi ayambe asanathe maola 6 chibadwire mwana, ndipo azifinya ka 8 pa tsiku, usiku womwe.

Manja okha amakwanira. Mayi asambe m'manja ndi sopo, atenge kapu yoviikidwa m'madzi owira, ndipo ayambe wasisita bere pang'onopang'ono. Aike chala chachikulu pamwamba pa mbali yakuda ija yozungulira nsonga, chamkombaphala m'munsi mwake. Akankhire zalazo chakuchifuwa, kenako afinye n'kumasula mobwerezabwereza, akusuntha zala kuzungulira bere. Asatsine nsonga yokha, chifukwa zimapweteka ndipo mkaka sutuluka. Pakatha mphindi 3 mpaka 5 asinthe bere, n'kumasinthasintha choncho mpaka mphindi 20 kapena 30.

Ena amati popanda pampu mkaka sungakwane. N'zoona kuti pampu yamagetsi yofinya mabere onse awiri imathandiza mayi amene mwana wake akhale m'chipatala masabata ambiri. Koma ndi yodula, imafuna magetsi ndiponso kutsukidwa bwino nthawi zonse. Masiku oyamba, mkaka umakhala wachikasu ndipo umatuluka madontho ochepa okhathamira, amene amangotsalira m'pampu, pamene ndi manja dontho lililonse limagwera m'kapu. Enanso amataya mtima poona madontho okhawo, n'kumati alibe mkaka. Kamimba ka mwana wotere n'kakang'ono kwambiri, ndipo mkaka umayamba kuchuluka pakapita masiku atatu kapena anayi ngati mayi sakuleka kufinya. Kumufungatira mwana pachifuwa, khungu ndi khungu, mwa njira ya kangaroo imene inayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia, kumathandizanso kuti mkaka uzituluka mosavuta.

Mkaka wofinya uzikhala wovundikira, ndipo ngati palibe firiji usapitirire maola 4. Pemphani namwino akuonetseni kaikidwe ka zala pa tsiku loyamba lomwelo.