Nkhalango ya m'mbali mwa Lingadzi ndi njira zodutsamo: mafunso ndi mayankho

Kodi nkhalango imeneyi ili pati?

Ili mumzinda wa Lilongwe, pakati pa Old Town ndi City Centre, m'mphepete mwa msewu wa Kenyatta. Mtsinje wa Lingadzi umadutsa m'katimo. M'menemo ndi mmene muli Lilongwe Wildlife Centre, malo osamalirako nyama zovulala ndi zolandidwa kwa ozembetsa, monga ngaka.

Muli zamoyo zanji?

Muli mbawala, agwape, nungu, apusi, ng'ona ndi mbalame zambirimbiri. Afisi nawo amayendamo usiku, inde, mu likulu la dziko momwemo! Mitengo yake ndi yachilengedwe, monga mithethe ndi mikuyu, imene m'malo ambiri mumzindamu inatha ndi nkhwangwa.

Kanjira ka anthu oyenda pansi kangawononge chiyani?

Apa ndi pamene ambiri timanamizika. Timaona kanjira kopapatiza n'kumati palibe chalakwika. Koma polambula, choyamba kusadzidwa ndi tchire la pansi, ndipo m'tchire limenelo ndi mmene mbawala imabisa mwana wake ikapita kukadya. Dothi likapondedwapondedwa limauma gwa, madzi a mvula salowanso pansi, amangothamanga n'kugumula gombe la mtsinje. Ndiye njira ikatseguka samadutsamo oyenda okha. Amatsatira otola nkhuni, otchera misampha, agalu, zinyalala ndi moto wa m'chilimwe. Mukaikanso magetsi, nyama zoyenda usiku zimaopa kuwoloka kupita kumadzi.

Kodi zoterezi zinachitikapo?

Mu 2021 mitengo yambiri ikuluikulu inagwetsedwa pokulitsa msewu wa Kenyatta, ndipo anthu anadandaula kwambiri. Msewu unkafunikadi. Koma mbande yobzalidwa lero siingapereke mthunzi umene unatenga zaka makumimakumi.

Ndiye anthu asamalowemo?

Ayi, azilowamo. Mwana amene sanaonepo mbawala ndi maso ake sadzaiteteza akadzakula. Chofunika n'chakuti njira ikhale yopapatiza, ya dothi, yotalikirana ndi gombe, ndipo izikhota polambalala mtengo waukulu m'malo moudula. Mbali zina zisiyidwe osapondamo phazi.

Ine ndingachitepo chiyani?

Mukamva kuti m'dera lanu akufuna kulambula njira m'nkhalango kapena m'dambo, funsani khansala wanu ngati kafukufuku wa momwe ntchitoyo ikhudzire chilengedwe wachitika. Funsani thirakitala isanafike, chonde, chifukwa ikangofika mwachedwa.