Khungu la amuna anga likusupuka ali m'chipatala

Adokotala,

Amuna anga anagonekedwa m'chipatala ndi chibayo, ndipo mwa mankhwala omwe anawapatsa munali Bactrim. Anayamba kupezako bwino, koma sabata yachiwiri thupi linatentha, maso anafiira, m'kamwa munatuluka zilonda, kenako khungu linayamba kusupuka ngati awathira madzi otentha. Apongozi akuti anamwino analakwitsa mankhwala, ena akuti ndi za anthu. Kodi chachitika n'chiyani?

Mayi wodandaula, Dedza

Mayi,

Pepani kwambiri ndi matendawa. Zimene mwafotokozazi zikufanana ndi vuto lotchedwa Stevens-Johnson, ngakhale otsimikiza ndi adokotala omwe akuwaona. Si ufiti, ndipo kawirikawiri sikuti wina walakwitsa. Mankhwala angakhale oyenera, mlingo wake wolondola, koma thupi la munthu wina n'kuwakana, chitetezo chake n'kutembenukira khungu lake lomwe. Sizichitikachitika, koma zikachitika zimatha kupha.

Nthawi zambiri zimayamba pakati pa masiku 4 ndi 28 chiyambireni mankhwalawo, n'chifukwa chake ambiri sawaganizira. Kupatula Bactrim, ena odziwika ndi vutoli ndi nevirapine, komanso carbamazepine ndi phenobarbital a khunyu. Omwe ali ndi kachilombo ka HIV limawagwera kwambiri kuposa ena.

Chofunika koposa n'chakuti mankhwala oganiziridwawo asiyidwe msanga, ndipo adokotala apeze ena a chibayocho. Funsani lero lomwe ngati zachitika kale. Odwala afunika dripi, kutsukidwa zilonda mwaukhondo, ndi kuonedwa maso. Za maso ndikutsindika, chifukwa zimaiwalika anthu akatanganidwa ndi khungu, pomwe zipsera za m'maso zingawononge kuona mpaka kalekale. Musawapake zitsamba kapena mafuta a kunyumba, pakhungu losupuka tizilombo timalowa mosavuta.

M'wodi modzaza, namwino mmodzi sangaone zonse. Inu amene mumawasambitsa ndi kuwadyetsa ndinu woyamba kuona kusintha, choncho nenani osaopa kuti akukalipirani.

Asanatuluke, pemphani kuti dzina la mankhwalawo lilembedwe moonekera m'buku lawo la kuchipatala, ndipo achipatala adziwitse bungwe loona za mankhwala la PMRA. Adokotala akatsimikiza kuti ndi Bactrim, amuna anu asadzamwenso moyo wawo wonse, pakuti kachiwiri vutoli lingabwere mwamphamvu koposa. Apewenso Fansidar, poti ali m'gulu limodzi la salufa, ndipo pogula mankhwala kulikonse azifunsa dzina lake lenileni, chifukwa Bactrim amatchedwanso cotrimoxazole.