Beseni ndi dziwe: chifukwa chiyani nsomba za m'madzi ochepa zimafa msanga?

Thupi la munthu limakhala pa 37°C, kaya ndi mu Juni kaya mu Okotobala. La nsomba ayi, limatsatira madzi amene nsombayo ilimo. Madzi akafika pa 33°C, nayonso ili pa 33°C. Makumba ndi chilunguni, zomwe alimi a ku Machinga amaweta m'maiwe, zimakula bwino madzi akakhala pakati pa 25°C ndi 30°C, ndipo akatsika pansi pa 20°C zimayamba kudya monyinyirika. Mbuna za m'nyanja ya Malawi, zija anthu a ku Ulaya amasunga m'mathanki agalasi m'nyumba zawo, zimafuna 24°C mpaka 28°C.

Madzi akatentha, nsomba sizipsa ngati zili m'poto. Zimabanika. Lita imodzi ya madzi a 20°C imasunga pafupifupi mamiligalamu 9 a okosijeni, koma pa 30°C amatsala pafupifupi 7.5. Choipa n'chakuti thupi la nsomba likafunda limafuna okosijeni wambiri, pomwe m'madzimo wachepa. Mukaona nsomba zikuyasamula kukamwa pamwamba pa madzi, zikusaka mpweya.

Tiyeni tiwerengere ndi Q = mcΔT, yomwe a MSCE mukuidziwa. Kuti kilogalamu imodzi ya madzi ikwere ndi 1°C pamafunika ma joule 4,200. Dzuwa la masana, kopanda mitambo, limapereka pafupifupi ma joule 1,000 pa sekondi iliyonse pa sikweya mita imodzi. Tengani dziwe lakuya mita imodzi. Pansi pa sikweya mita ija pali makilogalamu 1,000 a madzi, ndiye pafunika ma joule 4,200,000. Gawani ndi 1,000, mupeza masekondi 4,200, omwe ndi mphindi 70 kuti madziwo akwere ndi digiri imodzi. Tsopano tengani beseni la madzi akuya masentimita 10. Madzi achepa kakhumi, nthawi nayonso yachepa kakhumi: mphindi 7 basi! Pa ola limodzi beseni likhoza kukwera ndi madigiri 8. Zoona, kutentha kwina kumathawa ndi nthunzi ndi mphepo, choncho nambala zenizeni zimatsikirapo, koma kusiyana kwa beseni ndi dziwe kuli pomwepo. Chikulamulira apa ndi kuya kwa madzi, osati kutambalala kwa chotengera. Ku Balaka ndi ku Liwonde, komwe mu Okotobala ndi Novembala masana amadutsa 35°C, beseni losiyidwa pabwalo limatha nsomba tsiku limodzi.

Nanga tiyeza bwanji? Chala musachikhulupirire. Chikachoka padzuwa chimati madzi ndi ozizira, chikachoka m'madzi a mumtsuko chimati omwewo ndi ofunda. Themomita ya kuchipatala nayonso sithandiza, chifukwa imawerenga kuyambira 35°C mpaka 42°C. Yoyenera ndi ya mulabu, ya -10°C mpaka 110°C, ndipo ikhale ya madzi ofiira aja, osati ya mercury, yomwe ikasweka ndi poizoni. Ilowetseni pakati pa madzi, isagunde pansi kapena m'mbali. Dikirani mphindi ziwiri mpaka mzere uleke kuyenda, ndipo werengani idakali m'madzimo, diso lili molingana ndi mzerewo. Mukaitulutsa, madzi otsalira pagalasi amauma n'kuiziziritsa, ndiye mwawerenga zabodza.

Themomita nayo imanama. Iyeseni m'kapu ya ayezi wophwanya amene akusungunuka, iyenera kuonetsa 0°C. Ikaonetsa 1°C, muzichotsa 1 pa nambala iliyonse. Ena amayesera m'madzi owira, koma kwathu kuno madzi amawira cha pa 98°C chifukwa tili pamwamba kuposa nyanja yamchere, ndiye mukhoza kuitaya themomita yabwinobwino. Ine ndimakonda njira ya ayezi.

Yezani kawiri, cha m'ma 6 koloko m'mawa ndi cha m'ma 3 koloko masana, n'kulemba m'kope. Nambala imodzi sikuuzani zambiri. Chofunika ndi kusiyana kwa ziwirizo. Kukamapitirira madigiri atatu, madzi anu ndi ochepa kapena ali poyera kwambiri.

Kuziziritsa sikulira ndalama. Ikani chotengeracho pamthunzi, kutali ndi zenera ndi denga la malata, ndipo chikulungeni ndi chiguduli chonyowa. Madzi akamauma pachigudulipo amachotsa kutentha, monga mtsuko umachitira. Ayezi musaponyemo, chifukwa kusintha kwadzidzidzi kumafoola nsomba. Mu Juni ndi Julaye vuto limatembenuka. Thanki ifunditseni bulangete usiku, n'kusiya kampata ka mpweya. Amene ali ndi hita ya m'madzi, yomwe imadzizimitsa yokha madzi akafika pa digiri imene mwaikonzera, aziyezabe, chifukwa magetsi akazima usiku hitayo singakuuzeni.

Ngozi yaikulu imakhala pa tsiku losamutsa. Ana a nsomba ochokera kumalo oswetsera, monga ku National Aquaculture Centre ku Domasi, amayenda m'matumba apulasitiki, ndipo madzi ochepawo amafunda m'minibasi. Mukafika musakhuthule. Yandamitsani thumbalo lili chimangire padziwe kapena m'thanki kwa mphindi 20, kenaka yezani mkati ndi kunja. Nambala zikafanana, masulani n'kupendeketsa thumbalo kuti nsomba zituluke zokha.