Phunziro 17: Chuma Chokumba Sichimeranso

Kuwerenga: Genesis 41:28-36, 46-49

Mau kwa Mphunzitsi: Bwerani m'kalasi ndi njere ya chimanga ndi kamwala. Funsani ana kuti, "Tikakwirira zonsezi, chidzamere n'chiti?" Chimanga timakolola chaka ndi chaka, koma chuma chokumba pansi chikatha, chatha.

Tsono auzeni za Nauru, kachilumba ka m'nyanja ya Pacific. Miyala ya phosphate, yopangira feteleza, inayamba kutumizidwa kunja mu 1907, ndipo kwa zaka zambiri phindu lalikulu linadyedwa ndi alendo. Ufulu utabwera mu 1968, eni dziko analemera kwambiri. Boma linasunga ndalama zina m'thumba la mtsogolo, linagula ndege, ndi kumanga nyumba ya nsanjika 52 ku Melbourne. Koma thumbalo silinasamalidwe, ngongole zinakula, ndipo mu 2004 nyumba ija inagulitsidwa. Pafupifupi magawo anayi mwa asanu a chilumbacho anatsala miyala yosongoka, posalimika.

Apa musafulumire. Ana adzayankha kuti anthu aja analibe nkhokwe. Anali nayo ndithu. Chinasowa ndi wosunga wokhulupirika. Aonetseni kuti Yosefe asanatchule gawo lachisanu la zokolola, anayamba wapempha Farao kupeza munthu wanzeru woyang'anira.

Mafunso:
1. Yosefe anasunga tirigu zaka zingati?
2. Njala ya ku Aigupto inatha, minda nibalanso. Kodi mgodi ukatha, ana a kumeneko adzadya chiyani?