Phunziro: Kupachika Magetsi a Khirisimasi Panja Popanda Ngozi

Kuwerenga: Deuteronomo 22:8

Mawu oyamba

Amayi anzanga, nyengo ya Adventi ikafika m'masitolo ndi m'misika mumadzaza nthambo za timababu tothwanima. Ana akaona pakhomo pa aneba pakuwala, satipatsanso mpata mpaka tigule. Ena mwa ife timalandira nthambozi kuchokera kwa ana athu amene ali ku Joni kapena ku Mangalande.

Mwambowu unayambira kutali. M'chaka cha 1882, mumzinda wa New York, Edward Johnson, yemwe ankagwira ntchito ndi Thomas Edison, anapachika mababu 80 pamtengo wa Khirisimasi m'nyumba mwake. Nthawi imeneyo anthu ankaika makandulo pamitengo yotere, ndipo moto unkabuka kawirikawiri. Kwathu kuno Khirisimasi imafika mvula ili pakati, pabwalo pali matope, makoma ndi onyowa, ndipo ziphaliwali zili pafupipafupi. Apa m'pamene pagona nkhani yathu ya lero.

Ndime imene tawerenga ikulamula womanga nyumba kuti aike kampanda kuzungulira denga kuopa kuti munthu angagwe. Phunziro lake ndi lakuti mwini khomo ali ndi udindo pa moyo wa aliyense wofika pakhomopo. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo ana oyamba kuthamangira kukagwira timababuto nthawi zambiri amakhala a aneba.

1. N'chifukwa chiyani ngozi imakula nthawi ya mvula?

Magetsi a m'nyumba zathu ndi a mavoti 230, okwanira kupha munthu wamkulu. Khungu louma limatchinjiriza pang'ono, koma likanyowa magetsi amalowa m'thupi mosavuta. Munthu woima pansi ponyowa opanda nsapato amasanduka njira yoti magetsi adutsire kupita m'nthaka. Akadutsa pachifuwa amasokoneza kugunda kwa mtima. Amaumitsanso minofu ya m'manja, mwakuti wogwidwayo amalephera kutaya waya ngakhale akufuna.

Vuto lina ndi zitsulo. Mphepete mwa lata ndi mwakuthwa, ndipo mphepo ikamagwedeza nthambo, lata limadya pulasitiki pang'onopang'ono. Waya wam'kati akangokhudza lata, denga lonse likhoza kukhala ndi moto. Chimodzimodzi zitsulo za pazenera, geti, mpanda wa waya, ngakhale waya woyanikapo zovala ngati wamangidwa pachitsulo chomwecho. Mayi wokaanula zovala akhoza kugwidwa ndi magetsi asanayandikire n'komwe timababuto.

2. Pogula

Werengani pabokosi, kapena pemphani wina akuwerengereni. Safunsa anadya phula.

a) Onani ngati magetsiwo ndi a panja. Ambiri otchipa ndi a m'nyumba basi. A panja amakhala ndi chizindikiro chonga IP44 kapena IP65. Nambala yachiwiriyo imanena za madzi: 4 ndiye kuti amapirira madzi owazika, monga a mvula. Olembedwa IP20 asatuluke panja.

b) Sankhani a LED. Satentha kwambiri ndipo samaliza mayunitsi. Tiyerekeze nthambo yolembedwa 5W: mukamayatsa maola 5 tsiku lililonse kwa masiku 30, simumaliza ndi yunitsi imodzi yomwe. Yakale ya 40W ingadye mayunitsi 6 pa nthawi yomweyo.

c) Abwino koposa ndi a sola kapena a mabatire, chifukwa salumikizidwa ku soketi. Amathandizanso amene kwawo kulibe magetsi a ESCOM. Otsatira ndi aja okhala ndi kabokosi kochepetsa mphamvu ya magetsi. Kabokosiko kazikhala m'nyumba pouma, pokhapokha patalembedwa kuti ndi ka panja.

d) Onani mavoti. Zochokera ku Britain zimagwirizana ndi masoketi athu a mano atatu. Za ku South Africa mavoti ake ndi ofanana ndi athu, koma mano a pulagi ndi obulungira, choncho pafunika adaputa yabwino kapena kusinthitsa pulagi. Zambiri za ku America ndi za mavoti 120, ndipo zimapsa mukazilumikiza kuno.

Nthambo za chaka chatha muziyale pamphasa masana, musanazilumikize, n'kuziyang'ana kuyambira ku pulagi mpaka kumapeto. Makoswe amakonda kutafuna pulasitiki. Mukapeza poonekera waya, posweka kapena pakuda ngati panapsa, musaimve chisoni nthamboyo, itayeni.

3. Polumikiza

Pano m'pamene ambiri timalakwitsa chifukwa cha chizolowezi.

Musalowetse mawaya opanda pulagi m'soketi, ngakhale kutsegula bowo la pamwamba ndi kamtengo kuti pulagi ya mano awiri ilowe. Musapotokole mawaya awiri n'kukulunga ndi jumbo kapena tepi. Jumbo imasunga madzi m'kati m'malo mowatchinga.

Polumikizira ponse pakhale m'nyumba, kapena pakhonde pamwamba pomwe mvula ya mphepo siifika. Ekisitenshoni isagone pansi pabwalo, isadutse m'ngalande, ndipo isapanidwe ndi chitseko kapena zenera lachitsulo. Nthambo isanalowe m'nyumba, ilekeni ilendewere pang'ono ngati uta woyang'ana pansi, kuti madzi otsetsereka pa nthamboyo azidontha pansi m'malo motsata waya mpaka ku soketi.

Pulagi ya mano atatu imakhala ndi fyuzi m'kati. Ya magetsi okongoletsera imakwanira ya 3A. Fyuzi ikapsa, ndiye kuti yagwira ntchito yake yokuchenjezani. Osaika kawaya kapena kapepala konyezimira m'malo mwake. Kumbukiraninso kuti ekisitenshoni yabwino imanyamula 13A, pafupifupi mawati 3000, ndipo zotchipa zambiri sizifika pamenepo. Ketulo yokha imatha kudya mawati 2000, choncho timababu tisagawane ekisitenshoni ndi ketulo, ayironi kapena hotipuleti, makamaka tsiku la chikondwerero pamene zonse zimayaka nthawi imodzi.

Pabokosi la maswitchi m'nyumba zambiri pali kaswitchi kotchedwa earth leakage, kokhala ndi batani loyesera. Ntchito yake ndi kudula magetsi msangamsanga akayamba kuthawira pansi kapena m'thupi la munthu. Dinani batanilo musanapachike kanthu. Magetsi akathima, ndiye kuti kali bwino. Akapanda kuthima, kapena ngati kaswitchiko palibe, itanani wa zamagetsi wokhala ndi chilolezo cha bungwe la MERA. Ntchito yoika soketi panja ndi yake, si ya mnyamata amene amangodziwa kulumikiza wailesi.

4. Popachika

Pachikani masana, kunja kuli kouma, pulagi ili yozula. Musadalire kuti magetsi athima dera lonse, chifukwa amabwera osaodira, mwina waya ali m'manja mwanu.

Musanakwere, yang'anani kumwamba muone pamene padutsa waya wochokera papolo kulowa m'nyumba. Makwerero, nsungwi yaiwisi ndi nthambo zonse zikhale kutali naye. Mtengo wa mango umene nthambi zake zayandikira mawaya musaukongoletse.

Makwerero aime polimba ndi posatsetsereka. Pa mamita 4 aliwonse okwera, miyendo yake italikire khoma ndi mita imodzi. Munthu wamkulu agwirire pansi. Wokwerayo avale nsapato zouma za mphira, dzanja limodzi likhale logwira makwerero, ndipo asadzitambasule kuti afikire patali. Atsike, asunthe makwerero, akwerenso. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kusanjikiza mpando pa tebulo kapena kuima pa ndowa yovundikira ndi kuitana ngozi. Amayi, chitenje chimakola pamakwerero, ndiye ngati mukwera nokha valani moyenera. Ana asatumidwe padenga ngakhale ali opepuka.

Mangani nthambo ndi ulusi kapena timalamba ta pulasitiki pa matabwa a khonde. Musakhomere msomali pa nthambo, ndipo musamange ndi waya. Ikhale pamwamba poti mwana wamng'ono sangafikire, kutali ndi malata, udzu wofolera, makatani ndi mapepala okongoletsera.

5. Akayamba kuyaka

Zimitsani ndi kuzula pulagi pogona, popita ku mapemphero a usiku wa pa 24 Disembala, ndiponso magetsi akathima. Mitambo ikayamba kuda ndi kugunda, zulani mvula isanafike. Mukamva fungo la pulasitiki yopsa, kapena pulagi ikatentha, zimitsani pomwepo. Chikondwerero cha Epifania pa 6 Januwale chikadutsa, tsitsani nthambo, ziume, muzikulunge pa katoni n'kuzisunga m'chitini chotseka. Dzuwa ndi mvula zimafumbutsa pulasitiki ikakhalitsa panja.

6. Ngozi ikachitika

Mtima wa mayi umathamangira kukoka mwana, koma mukamugwira akadali pa waya, ogwidwa mukhala awiri. Thamangirani ku switchi yaikulu kapena zulani pulagi. Zikakanika, imani pa thabwa louma n'kukankha wayayo ndi mtengo wouma. Izi ndi za magetsi a m'nyumba okha. Waya wa papolo akagwa, musayandikire, letsani ena, ndipo dziwitsani a ESCOM.

Ngati munthuyo sakupuma, wina afune galimoto pamene wina akupsinya pakati pa chifuwa mwamphamvu, ka 100 mpaka 120 pa mphindi. Popsa thiranipo madzi ozizira kwa mphindi 20. Osapaka mafuta, dzira kapena mankhwala otsukira mano. Pitani naye kuchipatala ngakhale akuoneka kuti ali bwino, chifukwa magetsi amavulaza ndi m'kati momwe. Moto wa magetsi osauthira madzi musanazimitse switchi yaikulu. Mchenga wouma umathandiza.

Mafunso okambirana

1. Kodi switchi yaikulu ya m'nyumba mwanu ili pati? Nanga ana okulirapo ndi wantchito akuidziwa?
2. Ndi zizolowezi ziti zoopsa za magetsi zimene timaziona m'makomo mwathu n'kungokhala chete?
3. Tingawauze bwanji bambo a kunyumba kapena aneba mwaulemu kuti alumikiza moopsa?
4. Kodi amene amapachika magetsi kutchalitchi kwathu ndani, ndipo amatsata zimene taphunzirazi?

Ntchito ya sabata ino

Pa msonkhano wotsatira, amene ali ndi nthambo za Khirisimasi abwere nazo kuti tiziyang'ane pamodzi. Mtsogoleri apemphe namwino kapena wa zaumoyo wa mumpingo mwathu kuti adzationetse kapsinyidwe ka chifuwa. Aliyense akafika kunyumba lero, akaonetse a m'banja mwake pamene pali switchi yaikulu.